Kwa eni sitolo ya magemu: bawo yathu mwaiika kuti?

Akuluakulu, ndakulemberani kanayi kudzera pa tsamba lanu la madandaulo, ndipo kanayi konse landifika yankho lomwelomwelo la makina, loti ndikawerenge malangizo. Ndawawerenga onse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake lero ndabwera nayo pagulu.

Tilipo atatu, Amalawi okhala kuno ku Johannesburg. Ine masana ndimakonza mafoni ku Mayfair. Gemu yathu ya bawo tinaipanga usiku, m'kachipinda ka lendi ku Rosettenville, zaka ziwiri zathunthu, masiku ena magetsi atazima tikudalira batire la laputopu. Ndi bawo yeniyeni ya mabowo 32 ndi njere 64, ya mtaji ndi kutakata, monga amasewerera madala patsinde pa mtengo wa mango kwathu ku Zomba. Malamulo ake tinachita kukhala pansi ndi achikulire amene amasewera Lamulungu lililonse kuno, natikonza paliponse pamene tinkaphonya. Mmodzi wa iwo tsiku loyamba kuiona pa foni anaseweretsa mdzukulu wake wobadwira kuno, mwana woti bawo anali asanaigwirepo. Tsiku limenelo sindidzaliiwala.

Miyezi yoyamba munthu akalemba "bawo" posaka m'sitolo mwanu, yathu inkabwera koyambirira. Mwezi wathawu inangozimirira. Lero ungalembe dzina lake lonse osaphonya chilembo, kumayamba kubwera zotsatsa zolipiridwa, kenako magemu a mancala a mizere iwiri omwe si bawo n'komwe, mpaka ena a juga. Yathu ili pansi penipeni pomwe chala cha munthu sichifika. Mlongo wanga ku Blantyre anaisaka mpaka bandulo kutha, n'kundiimbira kufunsa ngati tinaichotsa. Ku Park Station ndinagawa timapepala kwa anthu okwera mabasi a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndalama zosindikizira zochoka m'thumba mwanga. Akafika kumudzi akasaka chiyani?

Ife sitinasinthe kanthu, chenjezo simunatipatse, ndipo ndemanga za osewera ndi zabwino. Pa malonda aliwonse gawo lanu mumadula osachedwa ngakhale tsiku limodzi. Koma chimene chatigwetsa palibe akutiuza. Kodi ndi mawu ofotokozera gemu chifukwa tinawalemba m'Chichewa? Kodi ndi kuchepa kwa oitsitsa sabata imeneyo? Kapena n'chifukwa sitigula malo otsatsira? Ngati ndi ndalama, nenani poyera, tidziwe kuti msika uwu si wa anthu ngati ife. Kampani yaikulu ikatsika posaka imathira ndalama pa zotsatsa n'kukweranso. Ife tikatsika, lendi ya mwezi umenewo imavuta.

Zimene ndikupemphazi si zachilendo kwa inu. Ku European Union kuli lamulo la 2019, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2020, lokakamiza misika ya pa intaneti kufotokozera ogulitsa mfundo zikuluzikulu zimene imatsata posanja zotsatira, kuphatikizapo ngati kulipira kumakweza munthu pamndandanda. Kuno ku South Africa, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda la Competition Commission linatulutsa lipoti lake lomaliza la misika ya pa intaneti mu Julayi 2023, ndipo linapeza kuti mapulogalamu opangidwa m'dziko muno amavutika kuoneka m'masitolo akuluakulu, moti linati pakhale malo oonetserapo zopangidwa kuno. Akaunti yathu ndi ya kuno, msonkho tilipira kuno. Chimene mungauze wopanga magemu wa ku Berlin chikukanikirani pati kutiuza ife a ku Rosettenville?

Malo oyamba sitikuwapempha. Munthu akalemba dzina lenileni la gemu aziipeza, zolipiridwa zizilembedwa moonekeratu kuti ndi zolipiridwa, ndipo mukasintha kasanjidwe muzitiuza chimene chasintha. Dandaulo langali aliwerenge munthu, andiyankhe ndi dzina lake, anene chimene talakwa tikonze.

Tinayamba kale kuika Chitumbuka ndi Chiyao m'gemuyi kuti ituluke Khirisimasi isanafike, nthawi imene abale ambiri amakwera mabasi kupita kumudzi. Ntchitoyo taiimika kaye, tikudikira yankho lanu.