Kutsegula mtsempha wa mwendo ndi kachubu sikuthetsa matenda onse

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Harare pofuna kuchenjeza abale athu, makamaka akuluakulu amene anachoka ku Malawi kalekale n'kudzakalambira m'mafamu a fodya ndi m'makomboni a Mufakose, Mabvuku ndi Highfield, za matenda otsekeka mitsempha yopititsa magazi kumiyendo. Ambiri amangoti ndi nyamakazi kapena ukalamba, ena amati munthuyo anaponda mankhwala, ndipo pofika ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe chala cha kuphazi chimakhala chitada kale bii.

Mafuta amamatirira m'kati mwa mitsempha mpaka njira ya magazi kuchepa, ndipo zimene zimafulumizitsa vutoli ndi fodya, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Munthu akayenda kamtunda akatumba amalimba n'kuyamba kupweteka, akaima pang'ono ululu umatha, akayambanso kuyenda umabwerera. Tonse tawaonapo madala amene amaimaima panjira ya kutchalitchi ngati akupereka moni, pomwe akupumitsa mwendo. Matenda akakula phazi limazizira ndipo limapweteka usiku, moti munthu amagona atalendewetsa mwendo m'mbali mwa bedi.

Masiku ano anthu amva zoti madokotala amatha kutsegula mtsempha popanda opaleshoni yaikulu, ndipo ndi zoona. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pamphechepeche, n'kulowetsa kachubu kopyapyala mumtsempha akuyang'ana pa makina a X-ray. Akafika potsekekapo amapopa kabaluni kuti njira ikule, ndipo nthawi zina amasiyamo kawaya kolukanalukana, kotchedwa stent, kuti mtsempha usabwererenso. Njira yotsegula mtsempha ndi kachubuyi anaiyamba ndi dokotala wina, Charles Dotter, mu 1964 ku Portland m'dziko la America, pa mayi wa zaka 82 amene anakana kudulidwa mwendo, ndipo phazi lake linapola. Kwa munthu amene ali ndi chilonda chosapola kapena ululu wa usiku, chithandizochi chikhoza kupulumutsa mwendo, ndipo asazengereze.

Nkhawa yanga ndi yakuti mabanja amasonkha ndalama zambiri, ana a ku Johannesburg n'kutumiza zawo, koma wodwala akangotuluka m'chipatala onse amaona ngati nkhani yatha. Kachubu kamakonza malo amodzi, pomwe mafuta aja ali m'mitsempha ya thupi lonse, ya mtima ndi ya ubongo yomwe. N'chifukwa chake chimene chimapha ambiri mwa odwalawa ndi matenda a mtima kapena sitiroko. Ngakhale pamene atsegulapo pakhoza kutsekekanso, makamaka ngati munthu wabwerera ku fodya. Ndiwonjezere kuti mankhwala amene amathira m'magazi kuti mitsempha ioneke pa X-ray amatha kuvulaza impso, choncho odwala shuga ayenera kuyezedwa impso kaye.

Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi timapiritsi tooneka topanda ulemu. Aspirin kapena clopidogrel amaletsa magazi kuundana, atorvastatin ndi anzake amatsitsa mafuta m'magazi, ndipo a shuga ndi a BP sayenera kudumphitsidwa. Ambiri mwa amenewa ndi omwa moyo wonse, osati kufikira ululu utatha. Palinso cilostazol wothandiza kuti munthu aziyenda mtunda wotalikirapo, koma saloledwa kwa amene mtima wawo unafooka, choncho asagulidwe mongomvera mnzako. Kuyenda nakonso ndi mankhwala: mphindi 30 kapena kupitirira, katatu pa sabata, kwa miyezi itatu, kuyenda mpaka ululu utabwera, kupuma, n'kuyambiranso. Amene ululu umangowapeza poyenda, madokotala amayamba ndi zimenezi asanaganize za kachubu. Achibale amene amauza agogo kuti azingokhala pampando, ngakhale amatero mwachifundo, akuwalakwira.

Pempho langa kwa anamwino a m'makiliniki ndi lakuti wodwala shuga kapena wosuta fodya akabwera, azimuvula nsapato, kugwira pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo kuti amve ngati magazi akugunda, ndiponso kuyang'ana pakati pa zala. Kumene kuli zipangizo, BP ya pa kakolo iziyerekezedwa ndi ya pamkono poigawa ndi ya pamkonoyo, ndipo zotsatira zikakhala 0.9 kapena kucheperapo, munthuyo atumizidwe kwa dokotala wa mitsempha chilonda chisanayambe.

Ine wowerenga nyuzipepala yanu,
Mufakose, Harare