Kodi ndimuuze mwanayu kuti amayi ake sadzabweranso?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 61, mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata. Ndakulemberani chifukwa ntchito imene ndinaiyamba ndi mtima wonse yandifikitsa pa nkhani yoti ndikaiyendetsa molakwika, wovulala adzakhala mwana wosalakwa.

Amuna anga anatisiya mu Julaye 2021, nthawi imene matenda a Covid-19 anavuta kwambiri m'dziko muno, ndipo maliro awo anayenda mothamanga ndi anthu owerengeka. Onse obwera ndi chipepeso ankagwira dzanja langa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwada kupepesa mdzukulu wathu wa zaka 8 amene tinkalera, ngakhale kuti kwa iye malemuwo ndiwo anali atate. Mwanayo anasiya kucheza, anayambanso kukodza pogona, ndipo ine mwini, amene ndinaphunzitsa ana zaka zambirimbiri, ndinatenga miyezi ndisanazindikire kuti kumeneko kunali kulira kwake. Ndicho chifukwa chake mu 2022, ine ndi amayi anzanga atatu a mumpingo tinayambitsa gulu la ana ofedwa. Timakumana Loweruka lililonse masana, ndipo pano tili ndi ana 23 a zaka zoyambira 6 mpaka 16, ochokera ku Kapata, Mchini ndi Nabvutika. Owalera, amene ambiri ndi ambuya awo, timakumana nawo paokha kamodzi pamwezi.

Zimene timachita n'zapafupi. Ana amajambula, amaimba, ndipo aliyense ali ndi kope m'mene amalemba za kholo lake: mfunda wake, mudzi umene anabadwira, ndiwo zimene ankakonda ndi nyimbo imene ankaimba potsuka mbale. Tsiku lina timawapempha kubwera ndi chinthu cha malemu, kaya chitenje, chipewa kapena chithunzi, ndipo pamenepo ngakhale mnyamata amene amakhala duu amatsegula pakamwa. Ndaphunzira kuti ana ambiri amasunga m'mtima maganizo oti imfayo anaichititsa ndi iwo chifukwa cha kusamvera, ndiponso kuti usiku amadzuka kukamvetsera ngati ambuya akupumabe. Lamulo lathu ndi lakuti zolankhulidwa pagulu zimatsala pagulu, pokhapokha ngati mwana ali pangozi, ndipo aliyense timamuloweza nambala yaulere ya ana ya 116.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi mtsikana wa zaka 7. Amayi ake anatumizidwa kuchipatala ku Lusaka chaka chatha ndipo anamwalirira komweko. Achibale analephera kupeza ndalama zonyamulira thupi ulendo wa makilomita oposa 500 kubwera nalo kuno, motero anaikidwa komweko. Ambuya ake anamuuza kuti amayi anapeza ntchito ku Lusaka ndipo adzabwera akalandira malipiro. Mlongo wake, mnyamata wa zaka 13, akudziwa zoona ndipo ndiye amene analembetsedwa m'gulu lathu, koma popeza panyumba palibe womusiyira wamng'onoyo, amabwera naye. Tsiku loyamba ambuyawo ananditengera pambali n'kundipempha, misozi ili m'maso, kuti ndisadzamuuze kanthu, ndipo ine ndinavomera osaganiza mofatsa. Kumeneko ndinalakwitsa, ndipo sindikubisa.

Tsopano mwanayu wakhala miyezi inayi akumva anzake akunena kuti amayi anga anamwalira, atate anga anamwalira. Masabata awiri apitawo anandigwira chitenje n'kundifunsa chifukwa chimene iye amabwerera kugululi pamene amayi ake ali moyo ku Lusaka. Ndinamuyankha kuti amabwera kudzaperekeza mlongo wake, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndikudziona kuti nanenso ndalowa m'bodzalo. Mnyamatayo wandiuza kuti madzulo mwanayu amakaima m'mbali mwa msewu kuyang'ana mabasi ochokera ku Lusaka, ndiponso kuti tsiku lina anamumenya mbama chifukwa chofunsa kawirikawiri za tsiku lobwera amayi, kenaka iye mwini anakalirira kuseri kwa nyumba. Mwana wa zaka 13 wasenzetsedwa chinsinsi chimene akuluakulu alephera kuchitula, ndipo sangathe kulira poyera m'nyumba mwawo momwe.

Sindikufuna kuti muwaone ambuyawa ngati munthu wouma mtima. Anataya mwana wawo wamkazi osaponya ngakhale dothi pamanda ake, ndipo ndikuganiza kuti pamene akuuza mdzukulu kuti amayi adzabwera, akudzitonthozanso okha. Akuti mwana saona maliro, akauzidwa adzayamba kulota ndi kudwaladwala. Inenso ndinaleredwa choncho, pakuti kumudzi kwathu kukagwa zovuta ana tinkatengedwa kupita kwa anansi. Koma kumudzi choonadi chinkafika chokha: mwana ankamva kulira kusiwa, ankaona mitu yometedwa, ankaona adzukulu akubwera kumanda ndi makasu, ndipo pofika nthawi ya bona ankadziwa kuti uje sadzabweranso. Mwana uyu sanaone chilichonse mwa zimenezi, ndipo alibe ngakhale mtumbira woti tsiku lina adzalozeredwe. Mwambo wobisira ana maliro unali ndi njira zake zowauzira mosalankhula, ndipo njirazo n'zimene zasowa pano.

Palinso mbali ya ulamuliro. Ambuyawa ndi Achewa a ku Katete, ndipo akuti nkhani yotere sangaigamule okha popanda amalume a anawa, amene ndiwo eni mbumba. Atate a anawa, amene anamwalira kale, anali Angoni, ndipo achibale awo amanena kuti ana ndi a kuchimuna. Ambuya akuopa kuti nkhaniyi ikangovundukulidwa, akuchimunawo adzabwera kudzatenga ana monga anatengera katundu wa m'nyumba. Ndinawafotokozera kuti lamulo la 1989 lokhudza chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limapatsa ana magawo 50 pa 100 alionse, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20 ndipo ena odalira malemuyo 10, ndiponso kuti ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit yomva madandaulo otere. Anandimvetsera mwaulemu, koma mantha awo sanachoke.

Kunena zoona, misonkhano ya olera ana yasanduka bwalo la milandu ya katundu ndi zopempha. Sukulu ndi yaulere kuyambira 2022, koma yunifolomu, nsapato ndi makope zikufunabe ndalama, ndipo chilala cha 2024 chinasiya mabanja ambiri opanda ufa. Sindingaimbe mlandu munthu wanjala chifukwa cholankhula za njala, ndipo amene angathandizidwe timawalozera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, koma zotsatira zake n'zakuti nthawi yokambirana za kulira kwa ana imatha tisanayambe. Nkhani ya mtsikanayu ikanayenera kuyambira pamsonkhano woterowo, pamene ambuya ena amene anauza kale adzukulu awo akanalimbitsa mtima mnzawo kuposa mmene ine ndingachitire.

Anzanga atatu aja agawanika. Mmodzi akuti timuletse mwanayu kubwera mpaka banja litamuuza, koma zikatero mlongo wake nayenso adzasiya, pamene iye ndiye akufunika gululi kwambiri. Wina akuti ndimuuze ndekha, pakuti posachedwa adzamva kwa ana anzake pamasewera, ndipo kumeneko adzamva mwankhanza. Ine mtima wanga ukuti mwanayu ayenera kumva zoona, m'mawu osavuta akuti amayi anadwala, anamwalira ndipo sadzabweranso, koma amve kuchokera pakamwa pa ambuya ake, ine nditakhala pambali. Ndikaphwanya lonjezo langa, olera ana onse adzaleka kutikhulupirira ndipo adzachotsa ana awo.

Ndithandizeni, Alangizi. Kodi ndiwafikire bwanji ambuyawa kuti asaone ngati ndikuwaweruza, ndipo kodi n'koyenera kuti ine, munthu wapadera, ndikwere basi kupita ku Katete kukaonana ndi amalumewo? Akakanitsitsa, kodi ndidikire mpaka liti, ndipo mwanayu akandifunsanso maso ndi maso ndimuyankhe chiyani chimene sichili bodza komanso sichikuphwanya lonjezo? Ife anayi sitinaphunzire uphungu, choncho ndiuzeninso zizindikiro zimene ziyenera kutichititsa kupita ndi mwana kwa aphungu a kuchipatala.

Ndikupempha kuti mundiyankhe msanga ngati n'kotheka. Loweruka lapitali mwanayu anabwera ndi pepala limene anang'amba m'kope la mlongo wake, ndipo wandipempha kuti tikakumananso ndidzamuthandize kulemba kalata yofunsa amayi ake tsiku limene adzabwere.

Ine mayi wothedwa nzeru,
Kapata, Chipata