Makina a batire adzaza m'masitolo, nanga batire likafa tilipeza kuti?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu, mwina eni masitolo a zipangizo ku Lilongwe angandimve. Ine ndimakhala pa boma la Kasungu ndipo ndimadyera kutchetcha udzu. Ndinayamba ndi chikwakwa ngati wina aliyense, manja ali matuza okhaokha, mpaka achimwene anga pobwera kuchokera ku Joni anandibweretsera makina otchetchera kapinga oyendera petulo. Anali ogwirapo kale ntchito, koma ndi omwe akhala akulipirira ana anga fizi. Ndimatchetcha bwalo la tchalitchi chathu, nyumba zingapo za mabwana a m'maofesi, ndi loji ina ya m'mbali mwa msewu wa M1.

Mvula yoyamba itagwa, kapinga atayamba kuphuka, ndinatulutsa makina aja m'chipinda momwe anagona chilimwe chonse. Ndinakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, iwo amangotsokomola n'kuzima. Ndinawakankha mpaka kumsika kwa mkulu wina wokonza njinga zamoto za akabaza. Mkuluyo sanachuluke mawu. Anamasula kabureta, n'kuthira zomwe zinali m'kati mwake pachivindikiro cha botolo, n'kundionetsa: pamwamba petulo wachikasu wonunkha ngati vanishi, pansi timadontho ta madzi. "Achimwene, munasiya mafuta m'thankimu miyezi ingati?" Ndinati kuyambira Meyi. Anaseka. Anandiuza kuti petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, monga amene amapangidwa ku Dwangwa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Petulo akakhalitsa amauma n'kusiya phula lomwe limatseka kabowo kopita mafuta. Anasolola kawaya kamodzi pa chingwe cha buleki, n'kutokosa kabowoko, n'kupemerera ndi pakamwa, makina n'kulira. Koma utsi unali wabuluu, ndipo anati maring'i a pisitoni atha, ndikafune ena msanga, apo ayi ndigule makina atsopano.

N'chifukwa chake ndinakwera minibasi ulendo wa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, nditatenga ndalama zomwe mayi a kunyumba analandira ku banki m'khonde. Ndinalowa masitolo atatu. Zomwe ndinaona zinandidabwitsa. Kale ukalowa, makina a petulo ndiwo ankakulandira pakhomo. Ulendo uno patsogolo panali makina oyendera batire, owala bwino, obiriwira ena ofiira. A petulo ndinawapeza pakona, amodzi kapena awiri, fumbi lili mbuu. Za maring'i, onse anangopukusa mutu.

Mnyamata wogulitsa m'sitolo yachitatu anali waulemu ndithu. "Bambo, zokoka chingwe zinatha. Awa mungodina apa." Anadina, mpeni n'kuyamba kuzungulira, phokoso lake ngati fani ya muofesi. Sindinama, mtima unapita. Opanda oyilo, opanda pulagi, opanda utsi, opepuka moti mwana wanga wa Fomu 2 akhoza kuwanyamula. Ndinatsala pang'ono kupisa m'thumba. Koma safunsa anadya phula. Ndinamufunsa kuti batire limeneli likatha moyo, lina ndidzalipeza pano? Anati amachita kuitanitsa. Limafika pakapita masiku angati? Anati zimatengera ndalama zakunja zikapezeka. Nanga mtengo wake? Anapita kukafunsa kwa abwana ake, ndipo atabwerako anatchula ndalama yomwe inali pafupifupi theka la mtengo wa makina onse. Ndinaloza batire la kampani ina lomwe linali pashelefu yomweyo, iye anati silingalowe, kampani iliyonse ili ndi kapangidwe kakekake.

Apa ndi pamene pagona dandaulo langa, Akonzi. Makina amenewa moyo wake uli m'batire. Batire la lithium, ngati la m'foni, limafooka likamatchajidwa kawirikawiri, ndipo pakapita zaka zochepa limayamba kutha msanga. Tonse tikudziwa foni yomwe umaichotsa pa chaja m'mawa, pofika 10 koloko yazima. Foni ija umapita nayo pamsika mnyamata n'kukuikira batire lina. Nanga makina awa? Likafa batire, munthu wa ku Kasungu watsala ndi chiwilibala chokongola chosanyamula kanthu.

Sindikuti eni masitolo achita dala. Kusinthaku kwachokera kutali. Ku America, dera la California linakhazikitsa lamulo mu 2021 loletsa kugulitsa mainjini atsopano ang'onoang'ono a petulo ngati awa kuyambira 2024, pofuna kuchepetsa utsi. Kampani ya Honda, yomwe mainjini ake timawadziwa kulimba, inasiya kupanga makina otchetchera kapinga a petulo ku America mu 2023. Ife sitipanga makina, timangolandira zomwe opanga aganiza. Iwo akatembenuka, mashelefu athu nawo amatembenuka. Koma kumene anaganiza zimenezi magetsi ndi odalirika, ndipo batire lina amaligula m'sitolo momwe anagulamo makina.

Kuno nkhani ndi ina. Udzu umakula kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo nyengo yomweyo ndi imene zinyalala ndi namasupuni zimatseka makina opangira magetsi pa mtsinje wa Shire. Sitinaiwale za Januwale 2022, pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi 130 megawatts, ndipo tinakhala mumdima kopitirira chaka. Wina anena kuti gulani sola. Kasola kathu ka panyumba kotchajira mafoni ndi kuyatsira mababu atatu sikangadyetse chaja ya makina amenewa popanda inveta ndi batire lalikulu, ndipo mwezi wa Januwale dzuwa limabisala masiku angapo motsatizana.

Komanso udzu wathu si uja wa pachithunzi cha pakatoni. Bwalo la tchalitchi chathu lili ndi kapinga pakati pokha. M'mbali muli tsekera, chisoso, zitsa, miyala ndi tizulu ta chiswe. Mvula ikagwa masiku atatu, udzu umafika m'mawondo uli wonyowa. Mnyamata uja anavomera yekha kuti batire limodzi silikwanitsa ola, ndipo pa udzu wautali wonyowa limatha msanga kuposa pamenepo. Ine bwalo lija ndimaliyamba 6 koloko m'mawa n'kumaliza dzuwa lili paliwombo. Ndingafunike mabatire angati? Ndipo akuti batire limadana ndi kutentha, pomwe chipinda changa chosungira katundu n'chofolera ndi malata, mwezi wa Okutobala mumakhala ngati mu uvuni.

Musaganize kuti ndikuikira kumbuyo petulo. Ameneyo wandiliza kokwanira. Mafuta akasowa, akuluakulu amaletsa kugula m'zigubu pofuna kuthana ndi mavenda, ndipo lamulolo siliona kuti wina chigubu chake n'cha makina otchetchera. Tsiku lina ndinamangirira makina onse pa njinga yakapalasa, n'kukaima nawo pamzere kumbuyo kwa lole ya fodya, kuti anyamata othira mafuta aone okha thanki yomwe ndikufuna kuthiramo. Anthu anandiseka, wina mpaka kundijambula, koma ndinabwerako ndi lita imodzi nditataya theka la tsiku. Ukapita kwa mavenda a m'mabotolo, mtengo ndi wowirikiza, ndipo sudziwa chomwe asakanizamo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, oyilo, pulagi ndi fyuluta zonse zinakwera, koma mabwana anga ena mpaka lero amafuna kundilipira mtengo wakale, ati udzu ndi womwewuja.

Ndipo makina a batire ndawagwirako. Mayi ena omwe ndimawatchetchera anagula awo, poti nyumba yawo ili ndi sola yaikulu ndipo bwalo lawo n'laling'ono, losalala. Amandiitana kuti ndiwayendetsere. Theka la ola ndamaliza, mdzukulu wawo ali mtulo pakhonde osadzidzimuka, zovala zanga osanunkha utsi. Munthu wotere ndingamuuze kuti agule, asachedwe. Eni maloji nawo angapindule, chifukwa alendo amadandaula ndikayamba kuliza injini mbandakucha. Koma ngakhale mayi aja ndinawafunsa kuti batire likafooka adzatani. Anati mwana wawo ali ku Cape Town adzawatumizira. Si tonse tili ndi mwana ku Cape Town.

Pempho langa kwa eni masitolo ndi ili. Ngati mwasankha kutigulitsa makina a batire, pambali pake ikani batire lapadera ndi chaja, mtengo wake mulembe poonekera, kuti wogula adziwiretu katundu amene akusenza. Musamasinthesinthe makampani chaka chilichonse, lero mtundu uwu mawa uja, chifukwa amene anagula chaka chatha mumamusiya pamtetete. Ndipo ife amene tidakali ndi makina a petulo musatitaye. Mapulagi, mafyuluta, zingwe zokokera, mipeni ndi maring'i sizidya malo ambiri pashelefu. Makina a petulo ali ndi ubwino umodzi womwe kuno kwathu ndi waukulu: wokonza njinga zamoto aliyense, kaya pa Chinkhoma kaya pa Santhe, akhoza kuwatsegula n'kudziwa chavuta. A batire akazima, m'kati mwake muli mawaya ndi kabolodi komwe palibe amene angakagwire.

Pali funso linanso lomwe oona za chilengedwe atithandize. Batire la galimoto likafa, alipo anthu amene amagula. La lithium likafa tikalitaye kuti? Ana athu amatola chilichonse kudzala n'kumaswa ndi mwala, ndipo batire lotere likaboola limatha kuyaka moto.

Ku Lilongwe ndinabwerako chimanjamanja, ndalama za banki m'khonde ndinabweza kwa eni ake zitaperewera za thiransipoti. Mkulu wa kumsika uja anafukula injini yakufa m'mulu wa zitsulo kuseri kwa shedi yake, n'kuchotsamo maring'i omwe anakwana. Utsi wachepa, ngakhale sunatheretu, ndipo wandichenjeza kuti mvula ikadzatha ndidzakhuthule thanki ndi kuliza injini mpaka izime yokha ndisanaisunge. Loweruka likubwerali kutchalitchi kuli ukwati, ndipo amayi a komiti andiuza kuti bwalo likhale loyera pofika Lachisanu madzulo. Petulo ndili naye wokwana theka la bwalo. Theka linalo, chikwakwa ndachinola kale.

Wotchetcha udzu,
Kasungu