Zikomo a zaumoyo a ku Ulongwe, shuga wanga watsika

Kwa akuluakulu a ofesi ya zaumoyo ya boma la Angónia, pamodzi ndi anamwino a pa Chipatala cha Ulongwe,

Moni nonse, ndikhulupirira muli bwino. Ine ndine bambo wa zaka 54 wa ku Domwe, ndimapikula mbatata ya kachewere kuno kwathu nkumakagulitsa ku Tete. Kalatayi ndalemba pa foni ya mwana wanga ndiye mukhululuke mmene ndalakwitsa, koma ndati ndisangokhala chete ngati simunandichitire kanthu.

Kale ndinali ndi chimimba choti lamba ndinachita kuboola bowo lina ndi msomali, anzanga pamsika ankati imeneyo ndi mimba ya mametikali ndipo ine ndinkasangalala nazo kkkk. Kutentha kwa ku Tete mukukudziwa inu, ndikatsitsa matumba ndinkamwa Frozy kapena Fanta mabotolo atatu anayi tsiku limodzi, mmawa tiyi wa masipuni anayi a shuga ndi mandasi, usiku nsima mitanda itatu nkugona pompo. Chilungulira chikandigwira ndinkangosungunula soda wa mayi akunyumba wophikira therere uja nkumwa basi.

Chaka chatha zinthu zinatembenuka. Ludzu losatha, usiku kudzuka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kukakodza, mmawa pomwe ndataya madzi paja nyerere zili mbwee. Kenako kuwonda, thalauza kumangovuka lokha, ndiye mukudziwa kumudzi munthu akawonda anthu amanong'onezana zotani. Ena anati andilodza chifukwa cha bizinesi, mbuzi ziwiri zinapita kwa asing'anga popanda chosintha. Ndinabwera kwa inu kudzayezetsa HIV ndili njenjenje, anandipeza ndilibe, koma amayi anamwino aja sanandisiye ndipite, anandifunsa za ludzu ndi mkodzo nkundiuza ndibwerenso mawa lake mmawa ndisanadye kanthu. Atandibaya pachala kamakina kanawonetsa 16. Anati munthu asanadye ikafika 7 kapena kuposa ndiye kuti ndi matenda a shuga, ine 16 abale.

Chimene ndikuthokoza kwenikweni ndi choti anandifotokozera mu Chichewa chathu, osati Chipwitikizi chomwe ndimangotola apa ndi apo, ndipo sanandikalipire ngakhale ndinawauza za mbuzi zija. Atamva ntchito yanga anati, bambo, taganizirani lole yafika ndi matumba koma wotsegula nyumba yosungiramo katundu wakanika kutsegula, matumba aunjikana mumsewu. Shuga ndi matumbawo, wotsegulayo ndi insulini yochokera ku kapamba, ndiye mafuta a pamimba aja ndi omwe amaipangitsa kuti isagwire bwino ntchito, shuga nkumangodzaza mmagazi mpaka impso kumamutayira mumkodzo, nchifukwa chake ludzu ndi nyerere zija. Aaa ndinamva tsiku lomwelo.

Ine ndinkaopa kuti andiletsa nsima, ndikanafa ndi njala ndithu. Koma anatenga mbale nkundionetsa, theka likhale masamba, mpiru, chibwabwa, kabichi, bonongwe, mbali ina nyemba kapena usipa, nsima mtanda umodzi waukulu ngati chibakera changa ndipo ikhale ya mgaiwa. Chomwe chinandiwawa nchoti mbatata yanga yomwe nayonso imakweza shuga, chipisi ndiye osanena, munthu kugona pa matumba a mbatata koma kudya ziwiri zokha eti. Thobwa wothira shuga ndi zakumwa za mmabotolo ndinasiyiratu.

Mankhwala anandipatsa metformina. Sabata yoyamba mmimba munasokonekera, kutsegula ndi nseru, ndinatsala pang'ono kuwataya kuchimbudzi. Nditabwerako anati zimachitika kwa ambiri poyamba, ndizimwa pakati pa chakudya osati mmimba mopanda kanthu, ndipo zoonadi zinatha patapita masiku. Za chilungulira anati soda uja ndisiye chifukwa ali ndi mchere umene umakweza BP, ndizidya msanga madzulo nkudikira maola awiri atatu ndisanagone. Pano sindidzukanso ndi moto pachifuwa. Anandivulitsanso nsapato nkuyang'ana pakati pa zala, akuti shuga amapha mitsempha ya kumapazi moti munga ungakulase osamva, chilonda nkukana kupola. Ndiye kumunda sindipitanso osavala nsapato, ndipo mayi akunyumba amandiyang'ana mapazi ndi tochi ya foni usiku uliwonse, nthawi zina mokalipa.

Mwezi wathawu kamakina kanawonetsa 7 ndi kanthu, mphamvu zabwerera, kumsika ndimayenda wapansi mmalo mokwera njinga yamoto. Ndikudziwa kuti matendawa satha, mankhwala ndi a moyo wonse, ndavomereza.

Pempho langa ndi limodzi. Pa 14 Novembala paja ndi tsiku lokumbukira matenda a shuga dziko lonse lapansi, ngati nkotheka mubwere ndi kamakina kaja pamsika wa ku Domwe. Pali anzanga awiri omwe amayenda ndi chigubu cha madzi ngati mmene ndinkachitira ine koma kuchipatala akukana, akuti mzere ndi wautali. Mukafika ndidzawagwira dzanja ndekha.

Ambuye akudalitseni nonse.

Ine wanu,
wogulitsa mbatata wa ku Domwe