Penti ikawazikira pagalimoto musathamangire thina

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule ndi eni magalimoto anzanga, chifukwa zomwe zinandionekera mwezi watha sindikufuna zimugwere wina. Ndinaimika galimoto pafupi ndi mpanda wachitsulo osadziwa kuti kuseri kwake amisiri akupopera penti yoyera, nde tsikulo kunali kamphepo. Pochoka madzulo sindinaone kanthu, koma mawa lake ndikutsuka ndinangomva boneti ikukhakhala m'manja ngati sandipepa, kuyang'anitsitsa padzuwa timadontho toyera tili waa, padenga, pagalasi, mpaka pamalaiti.

Aliyense yemwe ndinamufotokozera yankho linali limodzi, pakani thina ichoka basi. Abale, thina imachotsadi koma siisankha. Magalimoto amasiku ano pamwamba pa penti ya mtundu ija pamakhala kachikopa kena koonekera komwe amati clear coat, kopyapyala kwambiri, ma micron 40 kapena 50 basi, sikafika ngakhale kunenepa kwa tsitsi limodzi, koma ndi komwe kamawalitsa galimoto ndi kuteteza mtundu kudzuwa. Thina imafewetsa kachikopa kameneka. Ine ndinayesa pang'ono pakona ya laiti yakutsogolo, pulasitiki inachita mbuu pompo ndipo mpaka lero ili choncho, ndikaiona mtima umandiwawa. Sitiliwulo ndi zokwechera mapoto nazo ayi, zimasiya mizere yomwe imaonekera kwambiri padzuwa.

Chomwe chinandipulumutsa ndi clay bar, kanthu kofewa ngati dongo loumbira komwe amagulitsa limodzi ndi mapolishi a galimoto. Choyamba tsukani galimoto bwinobwino mchenga onse uchoke, muimike pamthunzi chitsulo chizizire kaye. Ndiye mumabudula kachidutswa, kukakanya m'manja mpaka kakhale kaphwatalala, kunyowetsa malo ang'ono ndi madzi a sopo wa galimoto n'kumayendetsa uku ndi uku mosakanikiza. Poyamba mumamva kakukoka ndipo kamalira ngati kakupala, kenako phokoso lija limangotha, dzanja n'kuyamba kutsetsereka lokha, apo dziwani kuti payera. Mukakatembenuza mumationa nokha timadontho tija titakakamira kunsi kwake, nde mumakapinda kuti mbali yoyera ibwere kunja n'kupita pena. Pasaume ngakhale pang'ono, madzi azikhalapo nthawi zonse. Ndipo kakagwa pansi tayani, musachite nako chisoni, katola mchenga ndipo mchengawo ukala penti yonse.

Kuti mudziwe ngati mwamaliza valani kapepala ka pulasitiki kopyapyala kudzanja n'kusisita pang'onopang'ono, kadontho kalikonse kotsala kamamveka. Ine boneti yokha inandidyera maola 2, si ntchito yothamangira ayi.

Pagalasi mpofewerapo, lezala yatsopano yogoneka pagalasi lonyowa imapala bwino, koma kunja kokha, mkati muli tinti musayerekeze, ndipo lezalayo isakhudze penti kapena malaiti. Ikakhala penti ya madzi ija ya m'makoma ndipo mwaiona isanaume, madzi ofunda ndi sopo amakwana. Mukamaliza zonse pakani polishi ndi wax chifukwa clay imachotsanso wax yakale, galimoto imatsala yosavala. Timadontho tikakanirira musalimbane nato ndi mphamvu, pitani kwa odziwa kupolisha ndi makina.

Tsono kwa inu amisiri opopera penti, ntchito yanu timailemekeza koma utsi wa penti uja sugwera pachitsulo pokha, mphepo imaunyamula kukautula pagalimoto zomwe mwina simukuziona n'komwe. Musanayatse kompulesa zungulirani kaye kuseri muone chomwe chaima kumeneko, uzani eni ake asunthe kapena phimbani ndi pulasitiki, ndipo kukakhala mphepo dikirani ileke. Amene anandiwazira ine nditawapeza anangoti sanaione galimotoyo, chonsecho inali itaima pomwepo kuyambira m'mawa.

Ine wanu,
Mwini galimoto wodandaula