Galu akavulala kapena akadya tameki, tisayambe ndi Panado ndi mkaka

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga oweta agalu ndi amphaka. Ziweto zambiri zimafika kwa dokotala zitaonongeka kale ndi chithandizo cha kunyumba: Panado, mkaka, mafuta ophikira, ngakhale oilo wakuda wa galimoto wopakidwa pabala. Eniake amachita zimenezi mwachikondi, koma zimapha.

Ndiyambe ndi tameki, timibulu takuda tija togulitsidwa m'misika ngati mankhwala a makoswe, timene akuba amaika m'nyama n'kuponya kumpanda. Galu akadya, ola silitha asanayambe kudwala. Dovu limangoti chuchuchu, amasanza, amatsegula m'mimba, minofu imanjenjemera, ndipo kadontho kakuda ka m'diso kamachepa ngati nsonga ya singano. Apa musamuthire kanthu m'kamwa. Galu wonjenjemera sameza bwino, ndiye mkaka kapena mafutawo amalowera m'mapapo. Madzi amchere omusanzitsira nawonso ndi poizoni paokha, ndipo makala a pambaula sagwira ntchito ya makala a kufamase otchedwa activated charcoal. Chimene chimapulumutsa ndi jekeseni wa atropine, amene ali ndi dokotala wa ziweto. Mugonekeni cham'mbali pathumba, mutu utatsikirako pang'ono kuti dovu lizituluka, imbani foni muli m'njira, ndipo tengani chotsala cha nyamayo mujumbo osachikhudza ndi manja. Masanzi akwirireni, chifukwa nkhuku ndi agalu ena akadya nawonso agwa.

Palinso mankhwala ena a makoswe amene amaletsa magazi kuundana. Awa ndi achinyengo: galu amaoneka bwinobwino masiku 3 mpaka 5, kenaka amafooka, usinini n'kuyera. Mukamuona akudya, pitani naye tsiku lomwelo akayambe vitamini K1, musadikire zizindikiro.

Pa za mabala, dzitetezeni kaye, pakuti galu womva ululu amaluma ngakhale mbuyake. Ng'ambani kansalu kotalika mita imodzi, kazungulizeni kukamwa, mangani pansi pa chibwano, kenaka kumbuyo kwa makutu. Koma ngati akusanza kapena akubanika, musamumange pakamwa. Mphaka mukulungeni m'thawulo. Pabala lotuluka magazi panikizani nsalu yoyera kwa mphindi 5 osasuzumira. Ikanyowa onjezerani ina pamwamba, chifukwa mukachotsa yoyambayo mumatakasa magazi amene anayamba kugwirana. Akasiya, tsukani ndi madzi owiritsa atazizira, theka la lita mutasungunulamo supuni yaing'ono imodzi ya mchere. Galu wogundidwa ndi galimoto munyamuleni pathabwa, ndipo yang'anani usinini: uyenera kukhala wofiirira, ndipo mukaudina ndi chala mtundu ubwerere masekondi 2 asanathe. Ukayera, mwina magazi akutayikira m'kati ngakhale kunja kulibe bala.

Za Panado ndinenetse: mbulu umodzi ukhoza kupha mphaka, chifukwa chiwindi chake sichitha kuuphwanya. Brufen amaboola chifu ndi kuononga impso za galu. Njoka ikaluma galu, musatemere kapena kumanga mwendo; munyamuleni kuti asayende. Ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15.

Mu Okutobala, makamaka ku Nsanje ndi Chikwawa, galu womangidwa padzuwa amatha kufa ndi kutentha. Thupi lake limayenera kukhala pa madigiri 38 mpaka 39. Akamachita wefuwefu n'kumadzandira, mupititseni pamthunzi, muthireni madzi ozizira pamimba ndi m'miyendo, mukupizeni, ndipo musamufunditse nsalu yonyowa.

Chiwewe ndicho chimakhudza banja lonse. Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenderera kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Galu woluma amangidwe payekha n'kuonetsetsedwa masiku 10, a zaziweto atadziwitsidwa. Zizindikiro zikaonekera pamunthu, mankhwala palibe. N'chifukwa chake pamene a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies ku Blantyre, a bungwe losamalira ziweto la LSPCA ku Lilongwe kapena alangizi a boma alengeza katemera, tizipita ndi agalu onse, pakuti matendawa amaduka pokhapokha agalu 70 mwa 100 alionse atabayidwa.

Pempho langa n'lakuti pakhomo paliponse pali chiweto pakhale kachidebe kotseka kokhala ndi bandeji, nsalu zoyera, kansalu komangira pakamwa, sizasi, magolovesi, sopo, tochi ndi khadi la katemera. Pachivindikiro lembani nambala ya mlangizi wa ziweto wa dera lanu ndi ya wakabaza amene angavomere kunyamula galu usiku, pakuti si onse amavomera.

Mlangizi wa ziweto,
Zomba