Lipoti la ulendo wa ku Blantyre: mapulogalamu aufulu ndi mafoni okhomedwa

A Tcheyamani, a komiti, ndi mamembala nonse a gulu lathu la okonza mafoni kuno ku Lilongwe, ndabwerako ku msonkhano wa za mapulogalamu aufulu ndi mafoni okhomedwa womwe munandituma ku Blantyre, ndipo lipoti lake ndi ili. Ndalilemba kuti nawonso anzathu a ku Area 25, ku Kawale ndi ku Lumbadzi omwe sabwera ku misonkhano ya Loweruka awerenge okha. Malisiti a basi ndi a malo ogona ali kwa a Msungichuma, ndipo ndalama yotsala ndabweza. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndamva kuti pa Malangalanga ena akuti ndinapita kukadya alawansi. Werengani mpaka kumapeto, kenako muweruze.

Kunabwera olemba mapulogalamu, ophunzira za makompyuta m'makoleji, loya, ndi anzathu okonza mafoni a ku Limbe ndi ku Mzuzu. Zolankhula zotsegulira zinali za mwambo chabe. Gawo la zinyalala za zipangizo zamagetsi linangobwereza zomwe tikudziwa kale, kuti mabatire akufa tisamataye mu mtsinje wa Lilongwe.

Gawo lomwe ndalama yanu yagwirira ntchito ndi la mayi wina wolemba mapulogalamu, amene anafotokoza komwe mapulogalamu a m'mafoni athu anachokera. Mu 1983 Richard Stallman, wa ku America, anayambitsa ntchito yolemba mapulogalamu aufulu yotchedwa GNU, ndipo mu 1989 anatulutsa laisensi ya GPL. Laisensiyi imati aliyense amene walandira pulogalamu ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito momwe akufunira, wowerenga khodi yake (malangizo olembedwa omwe amapanga pulogalamuyo) ndi kuisintha, wogawira ena, komanso wogawa zomwe wasinthazo. Kugulitsa sikoletsedwa. Choletsedwa ndi kutseka khomo: ukapereka pulogalamuyo kwa wina, uyenera kumupatsanso khodi yake ndi ufulu womwewo. Mu 1991 Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki ku Finland, anayamba Linux, pulogalamu yomwe ndi phata loyendetsa kompyuta, ndipo chaka chotsatira anaiika pansi pa GPL yachiwiri. Linux imeneyo ndiyo ili pansi pa Android. Tecno, Itel, Samsung kapena Redmi iliyonse ya Android yomwe timatsegula pa benchi tsiku ndi tsiku ikuyendera khodi yomwe mwalamulo mwini foni ali ndi ufulu woipempha kwa kampani yomwe inapanga foniyo. Ine ndakhala ndikufulasha mafoni (kuwaikanso mapulogalamu owayendetsa) kuyambira nthawi ya Nokia, koma palibe anandiuzapo zimenezi.

Nanga ngati ufulu ulipo, n'chifukwa chiyani foni imatikana? Mayiwa anayankha ndi nkhani ya TiVo, kampani ya ku America yopanga makina ojambulira mapulogalamu a pa TV. TiVo inagwiritsa ntchito Linux ndipo khodi inkapereka monga laisensi ikunenera. Koma makinawo ankayang'ana kaye siginecha ya kampani asanayake. Ukasintha khodi n'kuiika, makina osayaka. Lamulo analitsata, ufulu n'kuupha. Zili ngati womanga wakupatsa pulani ya nyumba yomwe wagula ndi ndalama zako, koma makiyi watsala nawo. Pofuna kutseka mpata umenewu, mu 2007 anatulutsa GPL yachitatu, yomwe imati wogulitsa chipangizo kwa anthu wamba aperekenso njira yoti mwiniwake aikemo pulogalamu yomwe wasintha. Torvalds anakana kusamutsira Linux ku laisensi yatsopanoyo, moti mpaka lero ili pa yachiwiri. Mbali yaikulu yotsala ya Android, Google inaiika pa laisensi ya Apache, yomwe siumiriza kampani kuonetsa zomwe yasintha. Play Store, Gmail ndi Maps ndiye n'zotsekedwa zenizeni. Choncho bootloader (kapulogalamu koyamba kugwira ntchito foni ikamayaka) yokhomedwa yomwe timalimbana nayo ndi nzeru yomwe ija ya TiVo, yangosamukira m'thumba la munthu.

Kenako anaika mafoni awiri pa tebulo, ife tonse n'kuzungulira. Yoyamba inali Pixel yakale ya Google, yomwe kampani inasiya kale kuitumizira ma update. Analowa mu Settings, n'kudina pa Build number kasanu ndi kawiri mpaka Developer options itaoneka, n'kuyatsa kabatani ka OEM unlocking. Analumikiza chingwe ku laputopu, n'kulemba mzere umodzi wokha, fastboot flashing unlock. Foni inachenjeza kuti zonse zili m'katimo zifufutika, iwo n'kuvomera ndi mabatani a voliyumu ndi pawa. Tiyi asanabwere, foniyo inali itayaka ndi LineageOS, Android yokonzedwa ndi anthu odzipereka, yomwe inalowa m'malo mwa CyanogenMod kumapeto kwa 2016. Popanda bokosi lofulashira, popanda dongle, popanda kugula ma credit kwa munthu wa kunja. Foni yachiwiri inali Huawei. Kampani imeneyi inasiya kupereka makhodi otsegulira bootloader mu 2018, ndipo mayiwa anangoitembenuza n'kuibweza m'chikwama. Bolodi yake inali yabwinobwino, sikirini yopanda ndi mng'alu womwe.

Ndinamva kuwawa chifukwa mafoni oterewa adzaza m'madirowa athu. Sabata yomwe ndimanyamuka, mayi wogulitsa tomato anandibweretsera foni yopanda vuto lililonse la bolodi kapena batire, koma WhatsApp yakana kuti Android yake ndi yakale. Ndinawauza zoona kuti palibe chomwe ndingachite, ndipo anachoka akuwerenga pa zala kuti agulitsa mabeseni angati kuti agule ina. Foni ija sinafe. Wina kutali anangoganiza kuti nthawi yake yakwana, n'kukhoma chitseko kuti pasapezeke woipatsa moyo wina.

Ndinafunsa za mafoni omwe anthu athu amagula kwenikweni. Tecno, Itel ndi Infinix onse ndi a kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen ku China, ndipo ambiri ali ndi ma chip a MediaTek kapena Unisoc. Tinatsegula mndandanda wa mafoni omwe LineageOS imathandiza, ine n'kuyang'ana mwachidwi: ma Pixel, Motorola, OnePlus, Xiaomi, Samsung ena, Fairphone ya ku Netherlands. Itel sindinaionemo. Apa ndinauza ophunzira aja poyera kuti nkhani yawo ikhala ya mu holo basi ngati saganizira foni ya munthu wa kabaza. Ena sanakondwe, koma anzathu a ku Mzuzu anandiombera m'manja.

Za Apple mayi wolemba mapulogalamu uja anakamba mwachangu. Mu 2011 pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC inachotsedwa mu App Store chifukwa malamulo a sitoloyo amatsutsana ndi GPL, ndipo inabwereramo mu 2013 atasintha laisensi. Chomwe chikutikhudza ife ndi chakuti zipangizo zina za iPhone zimalembetsedwa ku bolodi yake. Mu 2021 anthu anadandaula kuti ukasintha sikirini ya iPhone 13 kunja kwa Apple, Face ID imasiya kugwira, mpaka kampaniyo inabweza zimenezo. Ku Ulaya, kuyambira pa 20 June 2025, lamulo likuti wopanga foni apereke ma update kwa zaka zosachepera 5 ndi masipeyala kwa zaka 7 kuchokera pomwe wasiya kugulitsa mtundu umenewo. Ife kuno timangolandira zomwe zabwera kudzera ku Dubai ndi ku Joni, popanda wotilonjeza kanthu.

Loya analankhula za lamulo la zokopera la 2016 ndi ntchito ya COSOMA. Zinali zazitali ndipo zambiri zinali za oimba.

Tsopano pa mfundo zomwe msonkhano unamanga. Yoyamba ndi yolembera MACRA ndi bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, kupempha kuti ogulitsa mafoni aziuza wogula kuti foniyo ilandira ma update mpaka liti komanso ngati bootloader yake imatseguka. Iyi ndinaivomera ndi mtima wonse. Yachiwiri inalembedwa kuti loko iliyonse pa foni ndi kuphwanya ufulu wa mwini wake. Iyi ndinaikana, ndipo dzina la gulu lathu sindinaliike pansi pake. Ngati ndalakwa mundiuze Loweruka, koma imvani kaye chifukwa changa.

Maloko si amodzi. FRP, loko yofunsa akaunti ya mwini foni ikafufutidwa, yomwe Google inaika kuyambira pa Android 5.1 mu 2015, ndi Activation Lock ya Apple ya mu 2013, anaziika kuti wakuba asangofufuta foni n'kukaigulitsa. Zimenezo zimateteza mwini foni. Loko ya bootloader yopanda kiyi imateteza kampani kwa mwini foni. Ndipo Pixel ija inationetsa kuti zonse ziwiri zimatheka pamodzi: kuti uyatse OEM unlocking uyenera kukhala utalowa kale mu foni ndi pini yake, ndipo potsegula zonse zimafufutika. Wakuba sapindula, mwiniwake ali ndi ufulu. Zimenezo ndi zomwe tiyenera kupempha. Tikapita ku MACRA n'kunena kuti maloko onse achoke, adzationa ngati anzawo a omwe amatsomphola mafoni pa depoti ndi pa mlatho wopita ku msika wa Tsoka.

Ndipo nkhaniyi ndi ya pakhomo pathu pomwe, a Tcheyamani. Chaka chatha tinagwirizana kuti aliyense wobweretsa foni yoti tichotse FRP aonetse lisiti kapena bokosi lake, kapena tilembe nambala ya chiphaso chake cha unzika ndi IMEI (nambala yozindikirira foni) ya foniyo m'kabuku. Ndi angati akuchita? Ine ndikabweza kasitomala wopanda umboni, amangoyenda mabenchi atatu n'kukathandizidwa ndi membala mnzanga, kenako n'kudzandidutsa akundionetsa foni yoyaka. Apolisi akabwera kudzafufuza foni yobedwa sasankha, tonse timatengedwa ngati amodzi, ndipo tsikulo malonda amafa. Nkhaniyi ndinaibweretsa ku komiti, inayankhidwa kuti tidzakambirana, mpaka lero. Chimodzimodzi bokosi lofulashira lomwe tinasonkherana tonse. Likukhala kwa munthu mmodzi, ndipo achinyamata akalifuna akuuzidwa kuti alipire ngati ndi lake. Ndinkachita manyazi ndikumva za ufulu wogawana khodi ku Blantyre, podziwa kuti kwathu kuno chipangizo cha gulu chakhomeredwa mu dirowa. Mafayilo ofulashira nawonso timabisirana, pomwe aliyense anachita kuwatsitsa pa intaneti ndi bandulo ya usiku.

Pali chenjezo lomwe ndikufuna achinyamata alimvetse asanayambe kutsegula mafoni a anthu mwachisangalalo. Foni ikatsegulidwa bootloader, mapulogalamu ena, makamaka a mabanki, amafunsa kwa Google kudzera mu Play Integrity ngati foniyo ili monga inachokera ku fakitale, ndipo akhoza kukana kugwira ntchito. Airtel Money pa *211# ndi Mpamba pa *444# zimayendabe chifukwa sizidalira zimenezo, koma kasitomala wa app ya banki muuzeni musanakhudze foni yake. Pa Samsung, kutsegula ndi kuikamo pulogalamu ina kumaotcha kafyuzi ka chitetezo cha Samsung chotchedwa Knox, ndipo sikabwereranso ngakhale mutafulasha kangati.

Za mafoni a ngongole, omwe amadzikhoma munthu akalephera kulipira, panali mkangano waukulu. Ophunzira ena amati tiziwatsegula. Ine ndinati ayi, foni yomwe sunamalize kulipira sinakhale yako. Koma tsiku lomwe munthu wamaliza ngongole, loko yonse ichotsedwe ndipo apatsidwe umboni wolembedwa. Ndaonapo bambo atamaliza kulipira koma foni n'kumadzitsekabe, iwo n'kumayenda ulendo wa ku ofesi ndi thiransipoti yawo. Ndikupempha kuti mfundo imeneyi ilowe m'kalata yopita ku MACRA.

Chinanso choti tikhale nacho tcheru: mu August 2025 Google inalengeza kuti olemba mapulogalamu onse, ngakhale omwe sagwiritsa ntchito Play Store, adzayenera kulembetsa kwa iyo kuti mapulogalamu awo aziikidwa pa mafoni ovomerezeka a Android, kuyambira ku Brazil, Indonesia, Singapore ndi Thailand mu 2026. A F-Droid, sitolo ya mapulogalamu aufulu yomwe inayamba mu 2010, anatsutsa poyera. Ife timaika ma APK (mafayilo oikira mapulogalamu pa Android) tsiku lililonse potumizirana foni ndi foni chifukwa bandulo ndi yodula, ndiye zikafika kuno zitikhudza.

Wina atanena kuti zonsezi ndi za azungu, bambo wina wachikulire wa za umoyo anatikumbutsa za kwathu konkuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, a Baobab Health anatenga timakompyuta ta I-Opener, tomwe ku America tinapangidwa kuti tizingolowera pa intaneti ya kampani imodzi, n'kutisintha kukhala makina odina pa sikirini olembera odwala pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe pano ndi Kamuzu Central. Chipangizo chokhomedwa chinatsegulidwa n'kugwira ntchito yothandiza odwala mu mzinda wathu uno. Ndinanyadira kwambiri, ndipo ndinadzifunsa kuti mafoni ali m'madirowa athu aja angathandize ana asukulu angati atakhala otseguka.

Pa msonkhano wa Loweruka ndikupempha kuti tivote ngati tisaine mfundo yoyamba yokha monga ndachitira, kuti kabuku ka IMEI kayambe kugwira ntchito ndi chindapusa kwa wosatsata, komanso kuti bokosi la gulu libwerere kwa a Mlembi n'kumatengedwa posainira. Anzathu a ku Limbe akufuna tiziika mafayilo ofulashira pamalo amodzi, aliyense kutenga ulere, ndipo akudikira yankho lathu mwezi uno usanathe. Mayi aja olemba mapulogalamu avomera kubwera ku Lilongwe kudzaphunzitsa achinyamata athu kuika LineageOS ngati titawalipirira basi ndi kupeza chipinda chokhala ndi magetsi odalirika. A Msungichuma abwere ndi buku la ndalama kuti tione ngati tingakwanitse, ndipo amene ali ndi Pixel, Motorola kapena Redmi yakale yongokhala abwere nayo tiyesere.